Mtengo Wanji Lero?

Chitsulo chimene chili m'chiuno mwangamu
chimamva mvula isanafike ku Area 25.
Anandiikira ku Sentolo, chaka chija minibasi yanga
inakumana maso ndi maso ndi lole ya fodya pa Kanengo.
Ndinatuluka ndi ndodo ziwiri ndi kapepala
kolembedwa dzina: a Nachisale,
ophunzitsa yoga Loweruka m'mawa, kuseri kwa holo ya tchalitchi.

Ndinaseka. Ine dalaivala wathunthu, kudzipinda ngati chitenje?
Koma ululu sumva nthabwala.
Ndinapita.

Miyezi yoyamba, zonse zinali zachilendo.
Ndinapeza kuti zala za kumapazi zilipo khumi
ndipo chilichonse chili ndi maganizo ake.
Ndinapeza kuti zaka zonsezi ndinkapumira pakhosi
ngati munthu amene waona apolisi apamsewu patsogolo.
Ndodo imodzi ndinaisiya mu Epulo.
Inayo mkazi wanga anachirikizira tomato.

Kenako zinazilala.
Mkeka womwewo, khonde lomwelo, tambala yemweyo wa a Kampango.
Thupi linkayenda lokha ngati galimoto yodziwa siteji iliyonse:
Nsungwi, Dzenza, Kanengo, m'tauni.
Manja m'mwamba, mutu uli pa ngongole ya ku banki m'khonde.
Ndinkawerama osamva msana.
Ndinkamaliza osadziwa kuti ndayamba liti.
Ndipo chiuno chinayambanso kung'ung'udza, chapansipansi,
ngati pasenjala amene sanapatsidwe chenji.

Sindinawauze a Nachisale. Manyazi.

Tsiku lina magetsi atazima, madzi kumpopi kulibe,
ndinaima ndi mwendo umodzi, phazi lina pantchafu,
kaimidwe kamene amati mtengo.
Ndaziona, wazaka zisanu ndi chimodzi,
anatuluka akutikita m'maso, nsapato imodzi m'manja.
Anandizungulira kawiri.
"Adadi, mwati ndinu mtengo. Mtengo wanji?"

Ndinagwa.
Chaka chathunthu ndakhala ndikuima chonchi
osadzifunsa.

M'mawa mwake ndinali papaya:
wowonda, wopanda kanthu m'kati, wogwedezeka ndi kamphepo kalikonse,
koma wosagwa.
Lachitatu ndinali bulugama wa m'mbali mwa msewu wa ku eyapoti,
kutalika, kumwa madzi a anzanga.
Lachinayi chiuno chinakana, ndinagwira khoma,
Ndaziona anati palibe vuto, ndinu mpesa wa maungu
ndipo maungu amakwera mpanda, salipira.

Mu Okutobala ndinatenga mkeka kupita nawo pansi pa jakaranda.
Maluwa ankandigwera pamapewa, njuchi zikulira,
anyamata a kabaza anaima n'kumafunsana
ngati ndalowa mpingo watsopano.
Mmodzi anayesa. Anagwera panjinga yake. Anabweranso mawa lake.

Tsopano masiku ena ndimayambira kumapeto.
Masiku ena ndimatseka maso
kuti mapazi afufuze okha simenti yong'aluka.
Pali tsiku limene ndinangogona chagada, osachita kanthu,
kumvetsera mpweya ukulowa, ukutuluka,
ngati anthu pa geti ya msika wa Tsoka,
ine osaitanira aliyense.
A Nachisale nditawauza anangoti,
imeneyo ndiye yovuta kuposa zonse.

Sindinachire ngati mmene amachilira m'maumboni.
Chitsulo chilipo. Mu Juni chimaluma.
Mwendo wamanzere ndi waufupi pang'ono
ndipo ukhala choncho mpaka kumanda.
Koma dzulo pa depoti, wina atandigunda ndi thumba la makala,
ndinapendekeka,
ndinapuma,
ndinabwerera pamene ndinali.
Ndinamuuzanso kuti pepani, iye ali wolakwa.

Lero kwacha ndi mitambo kumbali ya Dowa.
Chiuno chikuti mvula ifika masana.
Ndaziona wakhala pa chidebe, yunifolomu yosamanga mabatani,
akudikira.
Ndayala mkeka. Ndakweza phazi.
Sindinadziwe kuti ndine mtengo wanji.
Mwina wobzalidwa dzulo.